Wophunzira uphunzitsi akafika pa Matandani

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Pulogalamu yathu ya zamaphunziro lero yakwera mapiri, yafika pa Matandani m'boma la Neno. Nkhani yake ndi ya anyamata ndi atsikana amene akusulidwa kuti akhale aphunzitsi, aja koleji imawatumiza kumudzi kwa eni kuti akayese dzanja pa bolodi. Munthu wotere amakhazikika bwanji pakati pa anthu amene sanawaonepo chibadwire?

Wochokera ku Blantyre amatsata msewu wa M1 mpaka pa Zalewa, n'kuwoloka Shire, n'kulowa msewu wa ku Mwanza. Asanafike ku Mwanzako amapatukira kumanja, ndipo apo mpamene ulendo weniweni umayambira. Chikweza chimatsatana ndi chikweza, pamsewu umene anthu a ku Neno akhala akuulirira zaka zambirimbiri kuti uthiridwe phula. Boma la Neno si lakale: linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 138,000, m'madera a mafumu aakulu Chekucheku, Dambe, Mlauli ndi Symon. Kumunsi, cha ku Lisungwi ndi Matope, n'kotentha. Kumtunda, kumene kuli Matandani, n'kozizira, ndipo mu Juni ndi Julaye chisanu chake chimalowa mpaka m'mafupa. Wophunzira amene wanyamula matiresi, ndowa, mbaula ndi kathumba ka ufa koma waiwala bulangete lokhuthala, usiku woyamba womwewo amadziwa kuti wafika kwina.

Chimene chimamuchotsa ku koleji ndi dongosolo losulira aphunzitsi a pulayimale lotchedwa IPTE. Pamene linkayamba, cha m'ma 2005, wophunzira ankakhala chaka chimodzi ku koleji, chaka chachiwiri kusukulu. Mu 2017 linasinthidwa: matemu awiri ku koleji, matemu awiri kusukulu yoyeserera ntchito, kenaka matemu awiri omaliza ku koleji konkuja. Makoleji a boma monga Blantyre, Chiradzulu, Machinga ndi Phalombe amatumiza ophunzira awo m'timagulu ku sukulu zosankhidwa, zambiri za kumidzi. Kumeneko aliyense amaikidwa m'manja mwa mphunzitsi wodziwa ntchito, amene amamutcha menta, ndipo aphunzitsi a ku koleji amabwera nthawi ndi nthawi kudzakhala kumbuyo kwa kalasi ndi cholembera m'manja.

Matemu awiri si nthawi yaitali. Amene watha mwezi woyamba atadzitsekera m'nyumba, maso ali pafoni, akuwerenga masiku otsala, wataya gawo lalikulu la ntchito imene anabwerera. Ku koleji amaphunzitsa kulemba sikimu, kukonza phunziro la tsiku, kugawa ana m'magulu, ndipo amaphunzitsa bwino. Koma za mmene munthu amalowera pabwalo la mfumu, za mmene amakhalira pamaliro a munthu wosamudziwa, zambiri wophunzira amakaziona komweko. Ndipo zimenezi si zapambali ayi. Mwana amene mayi ake anena pankhomaliro kuti "aphunzitsi atsopano aja ndi amwano," mawa lake amalowa m'kalasi makutu atatseka kale.

Matandani ndi malo oyenera kukambirapo nkhaniyi chifukwa akhala akulandira aphunzitsi achilendo kwa zaka zoposa zana. Mu 1902 mpingo wa Seventh-day Adventist unagula mishoni ya Plainfield ku Thyolo, imene pambuyo pake inatchedwa Malamulo. Mu 1908 mmishonale Joel Rogers, yemwe ankatsogolera pa Malamulo, anagula malo ku Matandani, ndipo Samuel Konigmacher ndi mkazi wake anabwera kudzayamba ntchito. Iyi inali mishoni yachiwiri ya mpingowu m'dziko muno. Mbiri yake inalembedwa m'buku lathunthu ndi Yonah Matemba, ndipo linasindikizidwa ndi a Kachere ku Zomba mu 2003. Akatolika a chipani cha Montfort anali atakhazikika kale ku Neno kuyambira 1906, kotero kuti midzi ya kuno inazolowera msanga kuona mipingo iwiri ikupempha malo a sukulu.

Masiku amenewo mishoni inkakhala pakati, timasukulu ta udzu tili mbwee m'midzi yozungulira. Amene ankaphunzitsa m'timasukuluti sanali azungu ayi. Anali achinyamata achikuda amene anaphunzira pang'ono pa mishoni, kawirikawiri ochokera kudera lina, ndipo ankatumizidwa kumudzi ndi sileti, choko ndi Baibulo. Sukulu sinkatsegulidwa popanda chilolezo cha nyakwawa. Nyumba ya mphunzitsi ankamanga ndi anthu a m'mudzi. Ana ankabwera ngati makolo akhutira ndi khalidwe la mlendoyo, ndipo akapanda kukhutira, ana ankapita kukaweta mbuzi, sukulu n'kufa yokha. Matandani pambuyo pake inatchuka ndi maphunziro a ntchito zamanja monga ukalipentala ndi zomangamanga, ndipo lero pamalopa pali sukulu, tchalitchi ndi chipatala chaching'ono. Koma maziko ake anaikidwa ndi aphunzitsi aja oyenda pansi, amene anayenera kuyamba akhala anthu a m'mudzi asanagwire choko.

Boma la atsamunda nalo linaiona mfundo imeneyi. Mu 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene mphunzitsi ankapita ndi mkazi wake, onse n'kuphunzira za ukhondo, ulimi ndi kaleredwe ka ana, kuti akabwerera kumudzi pakhomo pawo pakhale poonera ena. Zinthu zinatembenuka mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya ku pulayimale. Ana m'sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo analembedwa ntchito aphunzitsi pafupifupi 18,000 amene anali asanapondepo ku koleji. Anangophunzitsidwa masabata owerengeka n'kumwazidwa m'dziko lonse, ndipo maphunziro awo enieni anadzayamba mu 1997 pansi pa dongosolo la MIITEP. Ena mwa ahedi ndi amenta a lero anachokera m'gulu limenelo. Iwowa amadziwa bwino kuwawa kofika pamudzi usakudziwa kumene mjigo uli.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Tiyerekeze tsono kuti kagulu ka ophunzira katsika galimoto pa Matandani, kapena pasukulu ina iliyonse ya m'mapiri amenewa. Khomo loyamba ndi la ahedi. Iwo ndi amene amaonetsa alendowo kwa aphunzitsi anzawo, kwa komiti ya sukulu, kwa a PTA ndi kwa gulu la amayi loyang'anira atsikana. Pambuyo pake pamabwera ulendo umene achinyamata ambiri amauona ngati kutaya nthawi: wopita kwa mfumu.

Kwa mfumu sapita okha. Amapita ndi ahedi kapena wapampando wa komiti, ndipo wamkuluyo ndiye amayankhula. Alendo amadikira kupatsidwa pokhala, chipewa chili m'manja, mtsikana atamanga chitenje, manja akuomba mwaulemu. Mawu ake sachuluka. "Mfumu, awa ndi ana athu atsopano, abwera kudzaphunzira ntchito pasukulu panu. Tati tiwaonetse kwa eni mudzi." Mfumu imafunsa kwawo kwa aliyense, mfumu ya kwawoko, mwina ndi mfunda womwe, chifukwa kumtunda kwa Neno kuli Angoni ambiri ndipo sizidabwitsa kupeza kuti mlendo wa ku Ntcheu kapena ku Dedza ndi mbale. Ikatero imanena kuti, "Afike, pano ndi pawo."

Phindu la ulendowu limaoneka pa tsiku loipa. Mbala ikathyola zenera, mlendo akadwala pakati pa usiku, mnyamata wa m'mudzi akayamba kuvutitsa mphunzitsi wamkazi panjira ya kumjigo, funso loyamba limene anthu amafunsa ndi lakuti, "Kodi ameneyu ndi mlendo wa yani?" Amene anaonetsedwa kwa mfumu ali ndi yankho. Amene sanaonetsedwe amayamba kufotokoza dzina lake pamene zinthu zavuta kale.

Nkhani ya nyumba ndiyo imapweteka mitu. M'sukulu zambiri za kumidzi nyumba za aphunzitsi n'zochepa kuposa aphunzitsi eniake, kotero ophunzira amagawana nyumba imodzi, anyamata kwawo, atsikana kwawo, kapena komiti imawapezera ya lendi m'mudzi. Wanzeru amayendera nyumbayo dzuwa lisanalowe: chitseko chili ndi loko? Denga likudontha pati? Chimbudzi chili bwanji, bafa ili ndi mpanda? Zoperewera amazinena kwa ahedi tsiku lomwelo, mwaulemu, osati kukadandaulira anzake pa WhatsApp n'kusiya amene akanatha kukonza asakudziwa kanthu. Ndipo m'nyumbamo mukhale pangano kuyambira pachiyambi: ufa tisonkha motani, makala agula ndani, lero aphika ndani. Magulu ambiri amasweka chifukwa cha mchere ndi sopo, osati chifukwa cha zazikulu, ndipo phokoso la m'nyumba ya aphunzitsi limamveka mudzi wonse.

Pamjigo pali mzere wake, pali komiti yake, pali kandalama kosonkha pamwezi kokonzetsera ukawonongeka. Mphunzitsi amene wasonkha nawo, n'kuima pamzere ngati wina aliyense, amayi amamudziwa dzina sabata isanathe. Pomwepo mpamene amamvanso kuti mwana uja wajomba masiku atatu akudwazika agogo ake.

Chimene chimasiyanitsa Matandani ndi malo ena ambiri ndi Sabata. Apa mlendo ayenera kutsegula maso. Kwa Akhristu a Seventh Day, Sabata limayamba dzuwa likalowa Lachisanu ndipo limatha dzuwa likalowa Loweruka. Lachisanu masana ndi nthawi yokonzekera: kuchapa, kusita, kuphika, kusesa pabwalo. Loweruka salima, sagulitsa, sagula, sasewera mpira. Wophunzira wachangu, amene waona kuti ana ake akutsalira pa masamu n'kuganiza zowaitana Loweruka m'mawa, adzapeza kalasi ili pululu, ndipo makolo adzamva ngati wawapeputsira chipembedzo. Wokonza mpikisano wa mpira tsiku limenelo adzaona zomwezo. Akasuntha n'kupita Lamulungu, akumana ndi ana a Katolika, a CCAP ndi a mipingo ina ali kutchalitchi. Choncho m'dera ngati ili masiku awiri onse a kumapeto kwa sabata ali ndi eni ake, ndipo chilichonse chowonjezera chiyenera kulowa pakati pa Lolemba ndi Lachisanu masana, ahedi atavomereza.

Za kudya nazo zili ndi malire. A Seventh Day sadya nkhumba, mbewa kapena mlamba, samwa mowa, sasuta fodya. Wobwereka poto kwa mnansi n'kuphikamo nyama ya nkhumba walakwa kwambiri ngakhale sanadziwe. Wobwera kuchokera kumsika akudzandira, n'kudutsa pabwalo la mishoni ana akuona, wadzichotsera ulemu umene sangaubweze m'matemu awiri.

Izi sizikutanthauza kuti mlendo asiye mpingo wake. Malamulo aakulu a dziko lino amapatsa aliyense ufulu wopembedza monga afunira, ndipo Msilamu, Mkatolika kapena wa Pentekosite amene watumizidwa kudera la mishoni sayenera kukakamizidwa kulowa tchalitchi cha eni malo. Chofunika ndi ulemu wamba: kutsitsa wailesi Lachisanu madzulo, kusayanika zovala pamaso pa tchalitchi anthu akupemphera, kuyankha bwino wina akapereka moni wa "Sabata labwino." Ndipo akaitanidwa kukamvera kwaya, kapena ikafika nyengo ya msonkhano wa misasa pamene Akhristu a mipingo yozungulira amasonkhana masiku angapo, kupitako kamodzi si kutembenuka ayi. Kumeneko amaonako makolo a ana ake onse pamalo amodzi, ndiponso amaona kuti mwana uja wosatsegula pakamwa m'kalasi amatsogolera nyimbo pamaso pa khamu. Mphunzitsi amene waona zimenezo Lolemba amamufunsa mwanayo mosiyana.

Maliro ndiwo muyeso waukulu. Pamudzi pakagwa zovuta, makasu amagona, ndipo anthu amaona amene wabwera ndi amene sanabwere. Wophunzira uphunzitsi sangatseke kalasi, koma akaweruka amatsagana ndi ahedi kapena mphunzitsi wina kukakhala nawo pasiwa, abambo panja, amayi m'nyumba, n'kuponya kangachepe m'mbale ya chipepeso. Safunika kuyankhula chilichonse. Kungokhala pansi ola limodzi, foni ili m'thumba, kumakwanira. Ngati womwalirayo ndi kholo la mwana wa m'kalasi mwake, ulendowo ndi wosakambirana n'komwe, ndipo mwanayo akabwerera kusukulu asalandiridwe ndi funso la homuweki.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Tilowe m'kalasi. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi aang'ono a kumidzi nambala imeneyi imapitirira kutali. Ana amaimirira n'kupereka moni wa "Sala" kapena "Madamu," ndipo masabata oyamba amakhala akumuyesa mlendoyo kuti aone pamene mtima wake umathera. Chida choyamba ndi mayina. Mphunzitsi amene pofika sabata yachitatu akuitanabe kuti "iwe wa malaya ofiira" sanayambe kuphunzitsa.

Chida chachiwiri ndi kudziwa kalendala ya kumunda. Kumtunda kwa Neno anthu amalima chimanga, nyemba, nandolo, mbatatesi ndi tirigu, ndipo Neno pamodzi ndi Mwanza ndi kwawo kwa manachesi. Mvula yoyamba ikagwa, ana ena amasowa chifukwa akubzala. Nthawi yokumba mbatatesi amasowanso, tsiku la msika chimodzimodzi. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, ena amabwera m'mimba muli zii, ena amatsata makolo ku ganyu. Mitsinje ikadzaza, a kutsidya sawoloka. Malire a Mozambique sali kutali, ndipo mabanja ena ali ndi abale ndi minda mbali zonse ziwiri. Wophunzira amene sadziwa zonsezi amangoona ulesi m'rejisitala, n'kuyamba kupereka zibalo. Amene akudziwa amafunsa kaye, ndipo kujomba kukapitirira amauza menta ndi gulu la amayi kuti apite limodzi kukacheza ndi makolo. Kupita yekha kukadzudzula kholo pakhomo pake, mnyamata wa zaka makumi awiri kudzudzula munthu wa imvi, n'kuyatsa moto umene ahedi adzavutike kuuzimitsa.

Ulimi womwewo ndi chuma cha phunziro. Ku koleji amaphunzitsa za TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo. Ku Matandani zinthuzo zili ponseponse: nsungwi zopangira rula ndi abakasi, dongo loumbira zilembo, njere za nyemba zowerengera, makatoni a kugolosale olembapo mawu. Mwana amene amasokonezeka ndi kuchulukitsa pa bolodi amadziwa bwinobwino mtengo wa ndowa zisanu za mbatatesi, chifukwa amagulitsa nawo. Funso likachokera pa ndowazo, dzanja lake limakwera. Ndipo kholo limene lapemphedwa nsungwi ziwiri za sukulu limayamba kuona kuti kalasi ija ndi yakenso.

Mayankhulidwe nawo ndi ofunika kusamala. Wochokera ku Karonga kapena ku Mzimba, amene Chichewa chake n'cha m'buku, asachite manyazi ana akamuseka katchulidwe. Awapemphe amuphunzitse, adzakondwa. Wochokera m'tauni asiye Chichewa cha pa depoti pakhomo la kalasi, ndipo asaseke mayankhulidwe a kumudzi. Munthu wamkulu ndi "bambo," "mayi," "agogo," ndipo moni sapereka akuyenda. Amaima, n'kufunsa za kunyumba, n'kudikira yankho.

Ndalama. Kandalama kamene boma limapereka kwa ophunzira pa nthawi yoyeserera ntchito n'kochepa, ndipo mbiri yake yochedwa aliyense amaidziwa. Ophunzira a m'makoleji akhala akudandaula za ichi poyera kwa zaka zambiri. Kuchedwa kumeneku n'kulakwira achinyamata amene akugwira ntchito yeniyeni m'makalasi odzaza, ndipo a ku likulu ayenera kumva zimenezi mosabisa. Koma pamene zinthu zili chomwechi, wophunzira adziteteze. Wagolosale amakongoza mosavuta akamva kuti ndi aphunzitsi, ndipo kabuku ka ngongole kamakula mwakachetechete. Katapila ndiye woopsa kwambiri. Kubwereka kwa kholo la mwana wa m'kalasi n'kudzimanga manja, chifukwa tsiku lolemba malikisi ngongole ija imakhala pambali. Ndi bwino kudya nyemba ndi masamba mwezi wathunthu, kulima kadimba kuseri kwa nyumba, n'kumasunga ya njinga yamoto yokafikira pa boma tsiku la mwadzidzidzi.

Za umoyo, Neno ili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Kuyambira 2007 bungwe la Partners In Health, lodziwika kuno kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo m'midzi muli anthu ophunzitsidwa amene amayendera mabanja khomo ndi khomo. Matenda a mgonagona monga shuga, mphumu, kuthamanga kwa magazi ndi HIV amaonedwa pa kiliniki imodzi. Wophunzira amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku abwere ndi buku lake la kuchipatala ndipo akadzionetse sabata yoyamba, asadikire kuti botolo lithe mvula ili pakati.

Tsono pali malire amodzi amene sasuntha, ndipo apa mawu asazungulire. Wophunzira uphunzitsi wamwamuna amakhala wa zaka zosasiyana kwambiri ndi atsikana a Sitandade 7 ndi 8. Amavala bwino, amayankhula Chingerezi, wachokera kutali. Atsikanawo ndi ana. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Chibwenzi ndi mwana wa sukulu ndi mlandu wa kupolisi, ndi kutha kwa ntchito isanayambe, ndipo choposa zonse ndi kuphwanya tsogolo la mwana amene makolo anamupereka m'manja mwa sukulu. Msampha wake umayamba ndi zooneka zazing'ono: kutuma mtsikana kukatunga madzi, kukasesa m'nyumba, kukasiya makope kuchipinda. Mwana wa sukulu asalowe m'nyumba ya mphunzitsi, kaya ndi wamkazi kaya wamwamuna. Makope anyamulidwe ndi mwini wake. Ndipo wophunzira amene waona mnzake kapena mphunzitsi wamkulu akuchita zotere asakhale chete poopa malikisi: pali ahedi, pali mlangizi wa zoni amene timamutcha PEA, pali gulu la amayi, palinso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Chimodzimodzi ndodo. Kumenya ana n'koletsedwa m'sukulu za dziko lino, ngakhale kholo litanena kuti "ameneyo muzimukwapula, ndi wosamva."

Kwa wophunzira wamkazi nkhani imatembenuka: iye ndi amene amafunika kutetezedwa. Nyumba yake ikhale pafupi ndi mabanja a aphunzitsi, osati kumapeto kwa mudzi. Wina akayamba kumuvutitsa, kaya ndi wa m'mudzi kaya ndi amene amamulemba malikisi, anene msanga kwa mphunzitsi wamkazi wamkulu ndi ku koleji. Mudzi umene wasunga bwino mphunzitsi wamkazi wapindula kawiri, chifukwa atsikana a m'mapiri amenewa amafunika kuona ndi maso awo mtsikana mnzawo amene anamaliza Folomu 4, n'kuima kutsogolo kwa kalasi.

Apa mpamene nkhani imafika kwa eni mudzi, chifukwa kukhazikika si ntchito ya mlendo yekha. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Wachinyamata wochokera ku koleji amabwera ndi njira zatsopano zophunzitsira kuwerenga, zija zinafika m'sukulu zonse ndi pulogalamu ya dziko lonse ya kuwerenga mu 2016, amabwera ndi nyimbo, masewera ndi mphamvu zimene aphunzitsi otopa ndi zaka anazisiya. Koma zonsezi zimazilala ngati menta amuona ngati wodzamupumuza, n'kumusiyira kalasi yonse iye n'kupita kumunda. Menta weniweni amakhala m'kalasi, amaonerera, ndipo akaweruka amakhala pansi ndi wophunzirayo n'kumuuza pamene anachita bwino ndi pamene ana anatayika. Samudzudzula pamaso pa ana. Makolo nawo ali ndi gawo lawo, ndipo si la ndalama: kubwereketsa bedi kapena mpando, kutsina khutu za njira yoopsa usiku, kagawo ka maungu nthawi ya masika. Aphunzitsi ambiri amene lero amakana kutumizidwa kumudzi, maganizo amenewo anawatenga pa matemu awiri aja. Amene amapempha okha kubwerera kumudzi anawatenganso pomwepo.

Matemu awiri akatha, wophunzira amabwerera ku koleji kukamaliza matemu ena awiri ndi kulemba mayeso a MANEB, kenaka n'kudikira kulembedwa ntchito, kudikira kumene kwa magulu angapo a IPTE kwakhala kotenga zaka. Asananyamuke pali zoti akonze. Rejisitala ndi malikisi a ana aziperekedwa kwa menta zili zolembedwa bwino, pamodzi ndi mayina a ana amene akuvutikabe kuwerenga ndi pamene aliyense wafika. Zipangizo zimene anapanga zitsale m'kalasi. Ngongole ya kugolosale ithe, bedi lobwereka libwerere kwa mwini wake, ndipo ahedi amuperekezenso kwa mfumu kukatsazika monga anamuperekezera pofika. Komiti ya sukulu nayo ilowe m'nyumba ija tsiku lomwelo, ione loko, ione chimbudzi, ipeze malata kapena udzu wotseka podontha, chifukwa gulu lina likhoza kufika mvula ya Novembala isanayambe.

(Nyimbo yotsekera)